Dzanja la telala pambuyo pa sitiroko

Munthu akachita sitiroko, funso la anthu obwera kudzazonda limakhala limodzi: "Kodi ayamba kuyenda?" Akamva kuti eya, dzulo afika okha kuseri atagwira ndodo, mitima ya onse imakhala pansi, amayi a kumpingo n'kuyambitsa nyimbo yoyamika. Kuchokera tsiku limenelo wodwala amawerengedwa kuti wachira, ndipo ozonda amayamba kuchepa. Za dzanja palibe amene amafunsa. Nthawi imeneyo limakhala lili lende m'mbali mwa thupi, kapena lafumbata pachifuwa, zala zitakana kutambasuka.

Bambo anga ndi telala. Akhala akusokera pakhonde la sitolo ina pa Kasungu boma kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo makina awo opalasa ndi mapazi ndi amene adatilipirira fizi tonse m'nyumba mwathu. Sitiroko idawagwira mbali ya kumanja. Mwendo sudachedwe kwenikweni, pakamwa padawongoka, mawu amene poyamba ankatuluka olemera adayamba kumveka. Anthu ankatiuza kuti tili ndi mwayi, ndipo sankanama. Koma mwendo umangomufikitsa munthu pa ntchito. Telala woyenda bwinobwino amene sangagwire sizasi kapena kulowetsa ulusi pa singano ndi lova basi, ndipo bambo ankazidziwa zimenezi kuposa tonsefe.

Ndikulembera mabanja amene ali ndi munthu wotere pakhomo, makamaka ngati munthuyo amadya za manja ake: kalipentala, wokonza njinga, wometa, mayi wa mandasi, mphunzitsi wogwira choko, mlimi wosankha fodya. Dzanja silibwerera chifukwa chopuma. Limabwerera likamagwira ntchito kambirimbiri, pa zinthu zenizeni zimene mwini wake akufuna kudzachita. Ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimaliletsa m'makomo mwathu ndi chifundo chathu chomwe.

Chovuta kumvetsa poyamba n'chakuti dzanjalo silidavulale. Minofu ili bwino, mafupa ali bwino. Chovulala ndi ubongo. Sitiroko imachitika mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukatsekeka, kapena ukaphulika magazi n'kukhuthukira m'kati, ndipo kachigawo ka ubongo kosowa magaziko kamayamba kufa pa mphindi zochepa chabe. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ya kumanja imalamulira ya kumanzere. Tsono pamene achibale a kumudzi adabwera ndi maganizo otemera mphini pamkono, ena akunong'onezana za hamala ya afiti, ankafuna kuchiza malo osadwala. Hamala idalipo ndithu, koma dzina lake ndi BP. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi ali ndi matenda othamanga magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Bambo ankadziwa. Adauzidwa kalekale, koma mapiritsi ankamwa mutu ukawawa, ukasiya iwonso n'kusiya.

Nanga bwanji mwendo umatsogola, dzanja n'kutsalira? Mtsempha umene umatsekeka kawirikawiri ndi umene umadyetsa chigawo cha ubongo choyang'anira nkhope ndi mkono, pamene chigawo cha mwendo chimalandira magazi ake ambiri kuchokera ku mtsempha wina. Komanso ntchito ya mwendo siifuna luso ngati ya zala. Ukangotha kunyamula thupi ndi kuponya phazi, munthu wayenda, ngakhale mokoka. Zala zimafunika kuti chilichonse chiyende pachokha, pa nthawi yake, ndi mphamvu yoyenera. Koma chifukwa chimene chili m'manja mwathu ife a pakhomo ndi ichi: palibe amene angayende ndi mwendo umodzi. Wofuna kupita kuchimbudzi amakakamizika kuponda ndi mwendo wofookawo tsiku lililonse, afune asafune. Pamene ndi dzanja limodzi munthu angathe kudya, kusamba, kuvala, kuyankha foni. Dzanja labwino limalanda ntchito zonse, lofookalo n'kuiwalika.

Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, adaziona zimenezi pa apusi. Pusi amene mkono wake umodzi sunkamva kukhudza ankausiya osaugwiritsa ntchito, ngakhale kuti unkatha kuyenda. Koma akamangidwa mkono wabwinowo, ankayambanso kugwira chakudya ndi wofooka uja. Kunena kwina, padali kufooka kwenikweni, komanso padali chizolowezi chosaugwiritsa ntchito chimene chidabwera pamwamba pake. Njirayi idayesedwa pa anthu, ndipo zotsatira za kafukufuku wamkulu wa odwala 222 zidatuluka mu 2006. Anthuwa adali atatha miyezi 3 mpaka 9 chichitireni sitiroko. Gulu lina lidavekedwa chophimba kudzanja labwino pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri, likuchita zinthu ndi dzanja lofooka mpaka maola 6 pa tsiku. Manja awo adapita patsogolo kuposa a anzawo, ndipo patatha chaka phindulo lidali likadalipo.

Mlatho ukakokoloka nthawi ya dzinja, anthu sasiya kupita kumsika. Amalambalala, kuwolokera posaya, kudutsa m'dimba mwa eni ake, ndipo pakapita masabata angapo pamene padali udzu pamaoneka njira. Imakhala njira chifukwa chopondedwa. Ubongo umachita chimodzimodzi. Kachigawo kakufako sikadzukanso, koma zigawo zoyandikana nako zimatha kuphunzira kutumiza uthenga kudzanja kudzera kwina, bola uthengawo uzitumizidwa mobwerezabwereza. Miyezi itatu yoyambirira ndi pamene ubongo umakhala wokonzeka kwambiri kusintha, ndipo imeneyi ndi miyezi yomwe ife timathera pa kuzonda, kuphika phala ndi kuyendayenda kofuna mankhwala ena. Ikadutsa, zinthu zimayenda pang'onopang'ono, koma siziima. Pa chipatala cha Queen Square ku London amalandira anthu amene adachita sitiroko kalekale, n'kuwapatsa maola 90 a mafizo a mkono m'masabata atatu, ndipo manja amasintha ndithu. Choncho wina akakuuzani kuti miyezi isanu ndi umodzi yatha, basi zatha, musavomere msanga.

Masabata oyamba, pamene mkono udali lende, nkhani yaikulu idali phewa. Minofu yogwira phewa ikafooka, kulemera kwa mkono kumakoka fupa kuti lisunthe pamalo pake, mpaka pamwamba pa phewa pamaoneka kadzenje koti chala n'kulowa. Wodwala akamadzutsidwa pamphasa pomukoka mkono wofookawo, kapena pomugwira m'khwapa pokwera minibasi, phewa limavulala, ndipo phewa lopweteka limabweza zonse m'mbuyo, chifukwa munthu sangayese kutambasula mkono umene ukumubaya. A fizo, achipatala ochititsa odwala mafizo kuti ziwalo zawo ziyambenso kugwira ntchito, adationetsa kuwadzutsa bambo powagwira m'chiuno ndi kumsana, kuika mkono pa pilo akagona, ndi kuusanjika patebulo akakhala pansi. Kuumangirira pachifuwa ndi chitenje adati kukhale kwa nthawi yoyenda yokha, pakuti ukakhala womangidwa tsiku lonse umauma momwemo. Adatiletsanso kuthowa ndi madzi otentha. Dzanja la sitiroko nthawi zambiri silimva bwino kutentha, ndipo munthu amapsa akumwetulira.

Tsiku loyamba kuwaona, a fizo adawapempha zinthu ziwiri zokha: kukweza mkono cham'mbali, ndi kutambasula zala. Chala cha mkombaphala chidagwedezeka pang'ono zedi, moti ine sindikadaona akadapanda kundilozera. Iwo adakondwa nako kagwedezedwe kameneko. Kutha kutambasula chala, ngakhale pang'ono, m'masiku oyambirira ndi chizindikiro chabwino chakuti njira ya uthenga siidaduke yonse.

Pamenepa ndinenepo za kampira. Aliyense wobwera kudzazonda amabweretsa kampira kofinya, kapena amalangiza kuti mugule. N'zoona, kufinya kumaoneka ngati mphamvu ikubwerera, ndipo wodwala amasangalala nako. Koma dzanja la sitiroko limafumbata lokha. Minofu yopinda zala imalimba mopitirira, yotambasula n'kufooka. Chosowa ndi kutsegula dzanja, kusiya chinthu chimene wagwira. Munthu amene angafinye kampira tsiku lonse koma osatha kukaika pansi sadapite patali. Kathu kadathera kwa adzukulu, amene adakasowetsa tsiku lomwelo.

Amayi anga ndi mkazi wosamala, ndipo kusamala kwawo n'kumene kudakhala nkhondo yaikulu m'nyumba. Ankawasambitsa bambo m'manja, kuwamangira mabatani, kuwatemera nsima, kuwagwirira kapu. Bambo akangoyamba kulimbana ndi batani, amayi adafika kale: "Siyani, abambo, ndikumangireni, mungatope." Ndipo ndani angawanene? Mkazi wongoyang'ana mwamuna wake wodwala akuvutika ndi malaya, apongozi ndi anansi akuona, mawa lake mbiri yake ili ponseponse kuti ndi wouma mtima. A fizo adawauza mwaulemu koma mosabisa: "Amayi, chilichonse chimene mukuwachitira, dzanja lawo likuphunzira kuti silikufunika. Athandizeni pokhapokha pamene alepheradi, ndipo muziyamba mwadikira." Amayi adakhumudwa. Adati pobwerera, "Mwana uja sadakwatire, sadziwa banja." Koma mawa lake adakhala pakhonde manja ali pamiyendo, akuyang'ana kumbali, bambo akumenyana ndi batani limodzi mpaka tiyi adazizira. Mwa onse amene adagwira ntchito pa dzanja limeneli, ine ndimaona kuti yovuta kwambiri idali ya amayi.

A fizo m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro awo a digiri adayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, ndipo malo odziwika ogonekerako anthu ochita mafizo, Kachere Rehabilitation Centre, alinso ku Blantyre komweko, makilomita oposa 400 kuchokera kuno. Ambirife timadalira kupita kuchipatala cha boma tsiku limene tapatsidwa, kukumana ndi a fizo kwa kanthawi, n'kubwerera. Ngakhale kumayiko olemera nthawiyo siikwana. Ofufuza ena ku America ndi Canada adawerenga mu 2009 kuti pa ulendo umodzi wa mafizo wodwala amabwereza ntchito ya dzanja ka 32 kokha, pamene nyama zoyeserera zimene ubongo wake udaoneka kuti wasintha zinkabwereza mazanamazana pa tsiku. Ndiye kuti kuchipatala timakatengako malangizo ndi kukonzedwa polakwika. Mafizo enieni amachitika pakhomo.

Kwathu tinkawerenga ndi chimanga. Mbale ziwiri patebulo, ina yodzaza ndi njere, ina yopanda kanthu. Akamaliza kuchita chinthu kakhumi, njere imodzi imasamuka. Popanda kuwerenga, munthu amachita kasanu, n'kumva kutopa, n'kukhulupirira ndi mtima wonse kuti wachita kambiri. Zochita zake zidali za m'nyumba momwemo: kupukuta tebulo ndi kansalu dzanja lili chotambasula, kukankha kapu n'kuibweza, kutola zitsekerero za mabotolo n'kuziponya m'chitini, kutembenuza makadi, kupana mapegi m'mphepete mwa beseni, kenako kutong'ola chimanga ndi kusenda mtedza. Chinthu chikayamba kuphweka, timachichotsa n'kuika chovutirapo. A fizo adatichenjeza za kuba kwa thupi: dzanja likalephera kufika, munthu amakweza phewa mpaka kukhutu, kapena amaweramira kutsogolo thupi lonse, chinthu n'kuchigwira ndithu koma mkono usadagwire ntchito. Tsono bambo ankakhala pampando wotsamira, msana osachoka pa chotsamiracho.

Dzanja litayamba kudzuka pamene timavala wotchi, zala zikutseguka pang'ono, tidayamba kuwaveka sokosi yaitali ya mpira kudzanja lamanzere, m'mawa ndi madzulo, atakhala pansi. Poyenda ayi, pakuti munthu wa mwendo wofooka amafunika dzanja labwino lija kuti adzigwirire akapunthwa. Sokosiyi siyenera munthu amene dzanja lake silikugwedezeka n'komwe. Kumeneko n'kumuzunza chabe. Kwa wotereyo kuli njira ya galasi, imene V. S. Ramachandran adayambitsa m'zaka za m'ma 1990 pothandiza anthu odulidwa mkono: galasi limaimikidwa patebulo pakati pa manja awiri, lofooka libisike kuseri, munthu n'kumayendetsa labwino akuyang'ana chithunzi chake, ubongo n'kumaona ngati lofooka lija ndi limene likuyenda. Bambo adayesa, koma sadalikonde. Ankati ndi masewera a ana.

Zimene adakonda ndi nsima ndi bawo. Kudya ndi dzanja lamanzere kunkawachititsa manyazi kwambiri moti alendo akakhalapo ankati sakumva njala. Choncho kutema nsima ndi kuumba mbamu ndi dzanja lamanja sikudafune kuwakakamiza. Tinkangoyamba taiziziritsa, iwo n'kuiyesa kutentha ndi dzanja linalo. Poyamba mbamu zinkatuluka zophwanyika, ndiwo zili mbwee pamalaya, ndipo ankadya okha chitseko chili chotseka. Za bawo adayambitsa ndi anzawo a kumsika, amene sankadziwa n'komwe kuti akuchititsa mafizo. Taganizani zimene dzanja limachita pa bawo: kulowa m'dzenje, kutola nkhomo zonse, kuzisunga m'chikhatho, n'kumaponya imodziimodzi dzenje lililonse, mkono ukuyenda kuchoka kumanja kupita kumanzere. Kugwira, kusunga, kusiya, zonse zili momwemo, ndipo munthu sawerenga nthawi chifukwa mtima uli pa kudya nkhomo za mnzake. Anzawowo sankawamvera chisoni ngakhale pang'ono. Zikagwa ziwiri dzenje limodzi, umva, "Akulu, kuba kumeneko! Matenda asakhale pobisalira." Bambo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kutolanso.

Koma kutola nkhomo si kusoka. Apa m'pamene ambiri amaima: dzanja likutha kugwira kapu, onse akuti zili bwino, koma mwini wake akudziwa kuti ntchito yake siingatheke. Ubongo umaphunzira chimene ukuchitacho, osati china chofanana nacho. Wofuna kubwerera ku makina ayenera kuphunzira pa makina. A fizo sadziwa kusoka, ndipo adanena okha. Adawafunsa bambo kuti awafotokozere zonse zimene dzanja lamanja limachita kuyambira kasitomala akafika mpaka chovala chituluke. Kadali koyamba chidwalireni kuti munthu awafunse bambo chinthu chimene iwo ndiwo akuchidziwa, ndipo adayankhula mpaka anthu a pamzere kunja adayamba kudandaula. Kuyeza ndi tepi. Kulemba ndi choko. Kudula. Kukulunga ulusi pa bobini n'kuiika m'malo mwake. Kulowetsa ulusi pa singano. Kuyambitsa gudumu ndi chikhatho mapazi asanalandire. Kuwongolera nsalu. Kupinda mpendero. Kusita. Adazisanja okha kuyambira chophweka mpaka chovuta, ndipo sizasi idakhala kumapeto.

Makina tidawabweretsa kunyumba. Kuyambitsa gudumu kudabwera msanga chifukwa kumafuna chikhatho, osati zala. Kuwongolera nsalu n'kumene kudali ndi ngozi, pakuti chala chosamva bwino chili pafupi ndi singano yothamanga. Njira yake bambo ankaidziwa kale, chifukwa ndi mmene iwo adaphunzitsira anyamata ambiri pakhonde paja: kusoka pepala la thumba la simenti lojambulidwa mizere, makina opanda ulusi, kuti timabowo ta singano tionetse ngati wakhota. Kudziwa ankadziwa, koma kuvomera kudavuta. "Ine ndisoke pepala? Zaka zonsezi?" Ndidangoti, "Ababa, palibe akuona." Adakhala masiku angapo osawayandikira makinawo. Kenako tsiku lina m'mawa tidamva akulira kuchipinda, go go go, pang'onopang'ono, ndipo amayi adatiletsa tonse kusuzumira. Mapepala oyambawo adawang'amba okha. Pambuyo pake adayamba kuwasunga, ndipo ukawayala motsatana umaona mizere ikuwongoka, kenako makona, kenako zozungulira. Mapepala amenewo adathandiza pa masiku amene iwo ankati palibe chikusintha, chifukwa kusintha kwa dzanja sikuoneka ukamaliyang'ana tsiku ndi tsiku.

Zina sitidadikire kuti dzanja lifike, tidasintha zida. Choko tidachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chinenepe, chigwirike. Kolowetsera ulusi pa singano, kachitsulo kokhala ndi kawaya kopyapyala kamene amagulitsa m'masitolo a ulusi ndi mabatani, kadathetsa nkhondo imene inkadya theka la m'mawa. Popanikiza nsalu patebulo adasoka timatumba ta mchenga. Ena amaona ngati kugwiritsa ntchito zoterezi n'kugonja. Ine ndimati cholinga ndi chakuti diresi lituluke, ndipo dzanja limene lili pa ntchito ndi kachitsulo likuphunzira zambiri kuposa limene likudikira kunyumba kuti lichire kaye. Simbi ya makala yokha ndi imene tidakaniratu, chifukwa cha kusamva kutentha kuja.

Sizasi idavutadi monga adanenera. Kutseka inkatseka, koma kutsegula kuti idulenso kunkafuna minofu yomwe ija yofooka. Adayamba ndi nyuzipepala, kenako makatoni opyapyala, kenako zigamba, kenako mashiti akale a amayi. Mpaka lero akadula kwa nthawi yaitali chala chachikulu chimauma, ndipo amaima kuti achiwongole ndi dzanja linalo.

Pali zinthu ziwiri zimene sizioneka ndi maso koma zimagwetsa anthu ambiri pa ulendo umenewu. China ndi kutopa. Si ulesi, ndipo sikufanana ndi kutopa kwa kumunda. Munthu amachita kanthu kakang'ono n'kumva ngati mutu wazima. Tidaphunzira kuika zovuta m'mawa ndi kugawa nthawi m'zidutswa zifupizifupi. China ndi kukhumudwa kozama, kumene kumagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene achita sitiroko. Bambo idawafikira nthawi yongokhala khuma, osafuna wailesi, osafuna bawo, akunena kuti makinawo tingogulitsa. Amenewa ndi matenda, ndipo n'ngofunika kuwauza achipatala monga mmene timawauzira za phewa. Kwa iwo chimene chidathandiza kwambiri ndi ntchito yolipidwa. Mayi wina woyandikana nafe adabweretsa yunifolomu ya mwana yosomoka mpendero. Ndikukayikira kuti amayi ndiwo adamutuma, ngakhale amakana. Ntchito ya mphindi zochepa idatenga m'mawa wonse, ndipo bambo adatchula mtengo wonse osachotserako, mayiyo n'kulipira osanenerera.

Kukhonde adabwerera pang'onopang'ono, m'mawa mokha poyamba, ndipo tidasankha dala nyengo imene ntchito imakhala yochepa, msika wa fodya ku Chinkhoma usanatsegulidwe. Ndalama za fodya zikayamba kuzungulira m'tauni muno, aliyense amafuna chovala chake mawa, ndipo dzanja lofooka likafulumizidwa limauma. Makasitomala ena adapita kwina ndipo sadabwerere. Sindiwaimba mlandu, ukwati sudikira telala. Mnyamata wina amene bambo adamuphunzitsa kale adavomera kugawana nawo khonde. Iye amadula nsalu zodula mtengo ndi kusita, bambo amayeza, kulemba ndi kusoka, ndalama n'kugawana. Ntchito yawo yambiri tsopano ndi kuchepetsa zovala za kaunjika, mayunifolomu a sukulu ndi zitenje za zinkhoswe. Masuti adasiya.

Kwa amene adalembedwa ntchito nkhani imasiyana pang'ono. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka. Mukaphatikiza ndi miyezi itatu, ndipo dzanja nthawi zambiri limakhala lisanafike pofunika. Lamulo lomwelo limaletsa kusala wantchito chifukwa cha ulumali, koma ndi bwino kukambirana ndi abwana tchuthicho chisanathe, muli ndi kalata ya kuchipatala yonena zimene munthuyo akutha kuchita, osati zimene sakutha zokha. Kuyamba ndi theka la tsiku, kusinthana ntchito zina ndi mnzake, mphunzitsi kulemberatu pa mapepala akuluakulu kunyumba m'malo molimbana ndi bolodi ana akudikira: zoterezi zimatheka ngati zapemphedwa msanga. Oyendetsa galimoto, njinga zamoto ndi a kabaza okha asadzigamule okha kuti achira. Sitiroko imatha kuchotsa mbali ina ya maso, kapena kuchititsa munthu kusalabadira zonse za mbali imodzi, mwini wake osazindikira.

Sindikufuna kunamiza munthu. Alipo amene dzanja lawo silibwerera ngakhale alimbike chotani, chifukwa chigawo chowonongekacho n'chachikulu, ndipo kuwanena kuti ndi aulesi n'kuwalakwira. Kwa iwo ntchito imakhala yophunzitsa dzanja labwino luso latsopano, lofookalo n'kumathandiza kupanikiza kapena kutchinga chinthu. Limafunikabe kuwongoledwa tsiku lililonse kuti lisaume, kusambitsidwa m'chikhatho ndi kuwengedwa zikhadabo, chifukwa dzanja lofumbata limachita zilonda m'kati. Ndipo kwa onse, wochira ndi wosachira, sitiroko yachiwiri ingafafanize zonse. Mapiritsi a BP ndi a tsiku lililonse, mutu uwawe usawawe. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza umene uli kale m'ndiwo. Asipirini asamwedwe chifukwa mnansi wanena, popeza kwa amene mtsempha wake udaphulika angawonjezere vuto. Pakamwa pakapotoka, mkono ukagwa, mawu akalemera, ndi ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zitasiya zokha.

Panopa bambo akulimbana ndi zipi za mathalauza. Pamafunika kugwira nsalu zopindika pamalo opanikizika, zala zili pafupi kwambiri ndi singano, ndipo chala chachikulu sichidafike pamenepo. Ntchito ya zipi ikabwera amaipereka kwa telala wa khonde loyandikana nalo, ndipo ndalama imene imapita kumeneko imawapweteka kuposa phewa lija. Mwezi wathawu adakagula mulu wa mathalauza otsika mtengo pa kaunjika. Madzulo aliwonse akaweruka amasomola zipi imodzi n'kuisokanso, amayi akudandaula kuti ndalama ya ndiwo yathera pa mathalauza amene palibe adzavale.